Mwana akapita kukaphunzira chiyankhulo kunja, ndani amateteza chaka chake?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Matawale kuno ku Zomba. Mwana wawo wamkazi ali m'chaka chachitatu pa yunivesite ina ya boma, ndipo wapeza mwayi wokakhala semesita imodzi ku Maputo komwe akaphunzire Chipwitikizi pamodzi ndi makosi ena ochepa. Funso lawo ndi lakuti kodi pali lamulo limene limakakamiza yunivesite ya kuno kuwerengera zimene mwanayo akaphunzire kumeneko, kapena akadzabwera adzauzidwa kuti abwereze chaka.

Mayi, funso lanu landifika pamtima kuposa momwe mukuganizira, chifukwa njira imene mwana wanu akufuna kuyendayo inenso ndinayendamo. Mundilole ndiyambe ndi zimene ndinaona ndisanafike ku malamulo.

Uphunzitsi wa Chifalansa ndinauphunzira pa koleji ina imene sindiitchula dzina, ndipo si ya kuno ku Zomba. Tili m'chaka chachitatu, mkulu wa dipatimenti yathu anandiitana ku ofesi yake n'kundiuza kuti papezeka malo amodzi oti wophunzira akakhale semesita yathunthu ku France, zonse zolipiridwa, ndipo aphunzitsi agwirizana kuti ndipite ndine. Nditafunsa za makosi amene anzanga akhale akuphunzira ine kulibe, anandiyankha mwachikondi monga bambo, kuti ndisade nkhawa, zonsezo tidzakonza ndikadzabwera, popeza palibe munthu wanzeru amene angakane Chifalansa chophunziridwa kwa eni ake. Bambo anga anagulitsa mbuzi kuti andigulire jekete ndi nsapato zoyenera nyengo yozizira, kutchalitchi anandipempherera, ndipo mudzi wonse unadziwa kuti mwana wa uje akukwera ndege.

Kumeneko ndinkaphunzira pa malo ophunzitsira chiyankhulo a yunivesite ya m'tauni ina yaing'ono. M'mawa uliwonse tinali ndi maphunziro a galamala ndi kalembedwe, masana tinkayeserera katchulidwe ka mawu, ndipo madzulo ndinkabwerera kunyumba ya gogo wina wamasiye amene ankandisunga, yemwe sankalola kuti liwu lolakwika lidutse pa tebulo lake osalikonza. Ndinayamba kugula ndekha zinthu pamsika, kukangana ndi anzanga a ku Senegal ndi ku Vietnam pa nkhani za mpira ndi ndale, ndiponso kulemba nkhani zazitali zimene aphunzitsi ankazibweza zitafiira ndi inki. Chifalansa chimene ndinali nditachiphunzira kuyambira ku sekondale chinali cha m'buku, choloweza pamtima ngati katekisimu, koma pamene ndinkabwerera kumudzi chinali chitakhala chiyankhulo chimene ndinkatha kuganiza nacho. Anandipatsa chikalata chosindikizidwa bwino, cholembapo makosi onse, maola amene ndinakhala m'kalasi, ndi malikisi amene ndinapeza pa kosi iliyonse.

Nditafika ku koleji ndinapeza mkulu uja atapita kunja kukapitiriza maphunziro ake. Amene analowa m'malo mwake anali munthu wabwino, koma za lonjezo lija anali asanamvepo, ndipo mu fayilo yanga munalibe pepala lililonse lonena za ulendowo kupatula kalata yondilola kuchoka. Ku ofesi yosunga mbiri ya ophunzira anandiuza kuti alibe fomu ya nkhani yotere. Wina anati chikalata changa chachokera ku malo ophunzitsira chiyankhulo osati ku fakote, choncho si transcript yeniyeni, kutanthauza chikalata chovomerezeka cha yunivesite chosonyeza makosi ndi malikisi a wophunzira. Winanso anayang'ana malikisi anga n'kudabwa, chifukwa ku France mayeso amachongedwa pa 20, munthu amakhoza akapeza 10, ndipo wopeza 14 amatengedwa kuti wachita bwino ndithu, pomwe ife tinazolowera kuwerengera pa 100. Panalibe amene ankafuna kusenza udindo wosandutsa manambalawo. Nkhaniyo inayenera kudikira msonkhano wa dipatimenti, kenako wa fakote, kenako wa akuluakulu a koleji yonse, ndipo misonkhano yotereyi sichitika sabata iliyonse. Pamene yankho linkatuluka semesita inali itapita patali, ndipo yankholo linali lakuti ndilowe m'kalasi ya amene anali pambuyo panga.

Ndinabwereza. Ndinakhala pa benchi kumvetsera zinthu zimene ndinali nditazidziwa kale, ndipo madzulo ndinkathandiza anzanga a m'kalasi yatsopanoyo kukonzekera mayeso amene inenso ndinkayenera kulemba. Amene ndinayamba nawo anavala mikanjo n'kuyamba ntchito, ine ndikadali kupempha ndalama ya sopo kumudzi. Mlongo wanga wamng'ono, amene banja linkayembekezera kuti fizi yake ya ku sekondale idzachokera pa malipiro anga oyamba, anakhala pakhomo kudikira. Ndikamaganizira nthawi imeneyo, chimene chimandiwawa kwambiri si kuchedwako ayi, koma kuti pa anthu onse amene anagwira chikalata changa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandikhazika pansi n'kundiyankhulitsa Chifalansa, kapena kundipatsa pepala kuti ndilembe, pofuna kuona ngati ndikuchidziwadi. Ankakangana za pepala, pomwe mwini wake wa pepalalo anali ataima pakhomo pa ofesi.

Patapita zaka ndikuphunzitsa, ndinayamba kumvetsa mbali ya anthu a m'maofesi aja, ndipo n'koyenera kuti muimve inunso, Mayi, chifukwa mwana wanu akakumana nayo. Digiri ya kuno si mulu wa makosi amene munthu amatola momwe wafunira. Ndi ndondomeko imene kosi ya chaka chachitatu imatsegula njira ya kosi ya chaka chachinayi, ndipo makosi ambiri amaphunzitsidwa kamodzi kokha pa chaka chifukwa aphunzitsi ndi zipinda n'zochepa. Semesita imene ine kunalibe, anzanga anaphunzira njira zophunzitsira chiyankhulo ndiponso zolemba za alembi a m'maiko a mu Africa oyankhula Chifalansa, zimene ku France sindinaziphunzire. Palinso mantha oyenera a zikalata zachinyengo, ndiponso nkhawa yakuti yunivesite ikamangolandira pepala lililonse lochokera kunja, digiri yake idzatsika mtengo. Zifukwa zonsezi n'zomveka. Chosamveka n'chakuti zinatchulidwa nditabwera kale, pamene sindikanathanso kusintha kanthu, m'malo moti zitchulidwe ndisananyamuke.

Tsopano ku malamulo. Yunivesite iliyonse ya boma m'dziko muno inakhazikitsidwa ndi lamulo lakelake la Nyumba ya Malamulo, ndipo malamulo amenewa amaika mphamvu pa nkhani za maphunziro, mayeso ndi kupereka madigiri m'manja mwa Senate, komiti yaikulu yoona za maphunziro pa yunivesiteyo. Ndiye kuti amene amagamula ngati Chipwitikizi cha ku Maputo chilowe pa transcript ya mwana wanu si nduna, si phungu, ndiponso si yunivesite ya ku Maputo, koma Senate ya kumene iye akuphunzira, motsatira malamulo ake a m'kati. Ma Senate amenewa achulukanso masiku ano. Mu 2019 aphungu anavomereza malamulo ogawa University of Malawi, ndipo mu 2021 Chancellor College ya ku Chirunga inatsala ndi dzina lakalelo, Polytechnic inasanduka MUBAS, pomwe College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Mukawonjezapo LUANAR, Mzuzu University ndi MUST ya ku Thyolo, komanso mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba, muona kuti ana awiri a m'banja limodzi akhoza kupita ku yunivesite imodzi ya kunja, kuphunzira kosi imodzi, koma n'kudzalandiridwa mosiyana pobwera.

Ambiri akamva za maphunziro a kunja amathamangira kutchula National Council for Higher Education, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. N'zoona kuti bungweli limalembetsa ndi kuvomereza mayunivesite ndi mapologalamu awo, ndiponso limaunika madigiri ndi madipuloma amene anthu abwera nawo kuchokera kunja kuti adziwike kuti akufanana ndi ati a kuno. Koma mwana wanu sakubwera ndi digiri. Akubwera ndi chidutswa cha maphunziro chimene chikufunika kusokereredwa pa digiri ya kuno, ndipo wosoka wake ndi yunivesite yake yomweyo.

Pali chinthu china chimene chimandipsetsa mtima ndikachikumbukira. Mu 1997 atsogoleri a maiko a SADC anasainirana pangano la maphunziro, ndipo anasainira ku Blantyre konkuno. M'panganolo maiko anagwirizana kuti mayunivesite awo azisungira ophunzira a m'maiko anzawo malo osachepera 5 pa 100 alionse, kuti m'kupita kwa nthawi ophunzira oterewa azilipira fizi ngati ana a m'dzikomo, komanso kuti papezeke njira zoti ma credit a wophunzira, amene ndi muyezo wa kuchuluka kwa maphunziro amene wamaliza, azitha kusamuka kuchoka ku yunivesite ina kupita ku ina m'chigawochi. Mozambique ili mu SADC monga ifenso, choncho mwana wanu ndi munthu weniweni amene panganolo linkamuganizira. Mu 2011 nduna za maphunziro za m'chigawochi zinavomerezanso ndondomeko ya magawo 10 yofananitsira zikalata za maphunziro. Pa Africa yonse palinso pangano la ku Addis Ababa la mu 2014, limene linalowa m'malo mwa lija la ku Arusha la mu 1981. Mapepala alipo ambiri ndithu. Vuto n'lakuti gawo 211 la malamulo aakulu a dziko lino limati pangano la pakati pa maiko limasanduka lamulo la m'dziko muno pokhapokha Nyumba ya Malamulo itakhazikitsa lamulo lonena choncho, ndiponso mawu a m'mapanganowa ndi olimbikitsa maboma kuti achitepo kanthu, osati opatsa mwana wasukulu ufulu umene angaugwire m'manja n'kupita nawo ku ofesi ya Registrar.

Anzathu a ku Ulaya anakumana ndi vuto lomweli pamene pologalamu ya Erasmus inayamba mu 1987, ophunzira atayamba kuyenda mwaunyinji pakati pa maiko oyankhula ziyankhulo zosiyana. Anachita zinthu zingapo zimene sizifuna ndalama zambiri. Anagwirizana muyezo umodzi wotchedwa ECTS, momwe chaka chathunthu cha maphunziro chimakhala ma credit 60 ndipo credit imodzi imaimira maola a pakati pa 25 ndi 30 a ntchito ya wophunzira, kuphatikizapo kuwerenga payekha. Anakhazikitsanso mwambo wakuti wophunzira asananyamuke, iyeyo, yunivesite yake ndi yunivesite yomulandira amasainirana pepala lotchula makosi amene akaphunzire ndi makosi a kwawo amene adzalowedwe m'malo, moti akakhoza, yunivesite yake singathenso kubweza mawu. Pangano la ku Lisbon la mu 1997 linawonjezera mfundo imene ine ndimaiona ngati mutu wa nkhani yonse, yakuti maphunziro a kunja ayenera kuvomerezedwa pokhapokha patasonyezedwa kusiyana kwakukulu, ndipo udindo wosonyeza kusiyanako uli pa amene akukana, osati pa wophunzira. Ngakhale ku South Africa kuno kufupi ali ndi muyezo wodziwika wakuti credit imodzi ndi maola 10, ndipo ali ndi ndondomeko ya dziko lonse ya kasamutsidwe ka ma credit.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti nkhanizi n'zoti mayunivesite azikonza okha, ndipo aphungu asalowererepo. Maganizo amenewo ndinawasiya. Yunivesite ilibe chimene imataya wophunzira akabwereza chaka, chifukwa fizi imalowabe ndipo kalasi imadzazabe. Wotaya ndi mwana ndi makolo ake, makamaka masiku ano pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo chaka chimodzi chowonjezera chikutanthauza lendi ya ku Chikanda, chakudya, ndi ngongole ya ku Loans Board imene ikukulirakulira. Pamene wolakwiridwa ndi wofooka ndipo wochedwetsa zinthu salipira kanthu, kudikira kuti wamphamvuyo adzikonze yekha n'kutaya nthawi. Ndikunena mosabisa kuti dziko lino likufunika lamulo pa nkhani imeneyi, ndipo phungu aliyense ali ndi ufulu wobweretsa bilu yakeyake m'Nyumbamo popanda kudikira boma.

Chimene chimachititsa kuti aphungu asaione nkhaniyi n'chakuti kwa ife chiyankhulo chakunja chimene chili ndi mtengo ndi Chingerezi chokha. Kuyambira mu 1968, pamene kunagamulidwa kuti Chichewa ndi Chingerezi ndiye ziyankhulo za boma, Chingerezi chakhala chipata cha chilichonse. Wolephera Chingerezi pa mayeso a MSCE salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwanji masamu, ndipo malamulo aakulu a dziko amafuna kuti wofuna uphungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Koma tayang'anani pamene tili. Mbali yaikulu ya kummwera kwa dziko lino yazunguliridwa ndi Mozambique. Munthu woima ku Kachulu m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa akuyang'ana kumene kuli dziko loyankhula Chipwitikizi. Njanji yodutsa ku Nayuchi imapita ku doko la Nacala, malole amafuta ndi feteleza amachokera ku Beira, ndipo wopita ku Harare pamsewu amadutsa ku Tete. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique dziko lino linasunga anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Ndi zonsezi, mwana amene wasankha kukaphunzira chiyankhulo cha anansi athuwa akuopa kuti mwina adzalangidwa ndi chaka chowonjezera.

N'chimodzimodzinso ndi ziyankhulo zina. Asilikali athu akhala akutumizidwa kummawa kwa dziko la Congo kuyambira mu 2013, pakati pa anthu oyankhula Chiswahili ndi Chifalansa, ndipo mabanja a kuno ku Zomba amene ali ndi abale ku Cobbe Barracks amazidziwa bwino nkhanizi. Ku Dzaleka m'boma la Dowa kuli anthu ochuluka ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda amene amafunika omasulira kuchipatala ndi kubwalo la milandu. Mu 2019 SADC inavomereza Chiswahili kukhala chiyankhulo chake chachinayi pambali pa Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo ntchito zambiri za m'mabungwe oterewa zimapita kwa odziwa ziyankhulo ziwiri kapena zitatu. Kuchokera pamene dziko lino linapanga ubale ndi China kumapeto kwa 2007, achinyamata ambiri apita kumeneko ndipo ena amayamba ndi chaka chathunthu chophunzira Chitchaina. Nyumba yomwe aphungu amakumaniramo ku Lilongwe inamangidwa ndi thandizo la dziko lomwelo, koma sindikhulupirira kuti ambiri mwa iwo anayamba adzifunsapo kuti chaka cha Chitchaina chimenecho chimalembedwa pati.

Lamulo limene ndikufuna, ndi limene sindikufuna

Sindikufuna lamulo lakuti aliyense amene wakhala kunja semesita imodzi apatsidwe ma credit a chiyankhulo. Lamulo lotero lingakhale loipa kuposa kusowa kwa lamulo. Kukhala m'dziko sikuphunzitsa munthu chiyankhulo mwa iko kokha. Ndinaona anzanga ena amene ankagona m'nyumba imodzi ndi oyankhula Chingerezi okhaokha, kudya limodzi, kuyenda limodzi, n'kubwerera kwawo akudziwa moni ndi mitengo ya zinthu basi. Mayunivesite ambiri akunja amaphunzitsanso alendo m'Chingerezi, moti munthu akhoza kumaliza kosi ya zachuma ku Lisbon osalemba ndime imodzi ya Chipwitikizi. Aphungu sangathe kudziwa kuti mwana uyu wachidziwa chiyankhulo ndipo uyo sanachidziwe, ndipo tsiku limene Nyumba ya Malamulo idzayambe kugawa malikisi ndi tsiku limene madigiri athu adzathe ntchito.

Lamulo labwino liyenera kusiya chigamulo m'manja mwa aphunzitsi, koma n'kuwamanga pa nthawi ndi pa njira. Liyenera kunena kuti yunivesite iliyonse yovomerezeka isindikize poyera malamulo ake a kasamutsidwe ka ma credit, pamodzi ndi tebulo losandutsira malikisi a maiko amene imatumizako ophunzira. Liyenera kunena kuti wophunzira akapempha chilolezo chopita kunja, yunivesite imuyankhe molemba asananyamuke, motchula kosi iliyonse imene idzawerengedwe ndi iliyonse imene sidzawerengedwa, ndipo yankholo likhale la yunivesite, osati la munthu amene angasamuke mawa. Yunivesite ikakana, ipereke zifukwa, ndipo pakhale kokadandaula kumene kungayankhe semesita isanayambe. Pa za ziyankhulo makamaka, lamulolo lipatse wophunzira ufulu woyesedwa. Ngati pali kukayika pa chikalata chake, amukhazike pansi, amuyankhulitse, amulembetse, ndipo akakhoza apatsidwe zake.

Pa nkhani ya chiyankhulo kuyesa kotereku n'kosavuta kuposa pa maphunziro ena ambiri, chifukwa miyezo yodziwika padziko lonse ilipo kale. Bungwe la Council of Europe linatulutsa mu 2001 muyezo wa magawo asanu ndi limodzi, kuyambira A1 wa woyamba kumene mpaka C2 wa wodziwa kwambiri. Mayeso a DELF ndi DALF a Chifalansa, amene zikalata zake zimaperekedwa ndi unduna wa maphunziro wa ku France, amatsatira magawo amenewa. Chipwitikizi chili ndi mayeso a CAPLE a ku yunivesite ya Lisbon komanso a Celpe-Bras a ku Brazil, ndipo Chitchaina chili ndi HSK. Dipatimenti iliyonse yophunzitsa chiyankhulo ikhoza kukhala pansi masana amodzi n'kugwirizana kuti kosi yake ya chaka choyamba ikufanana ndi gawo liti, ya chaka chachiwiri ndi liti. Ukatswiri wake tili nawo kuno komwe, popeza ku Chirunga Chifalansa chakhala chikuphunzitsidwa kwa zaka zambiri, Centre for Language Studies yakhala muno mu Zomba kuyambira mu 1996, ndipo likulu la MANEB, limene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kuyesa anthu, lili m'tauni yomwe ino.

Wina adzanena kuti nkhaniyi ikukhudza ana ochepa kwambiri, ndipo dziko limene ana ambiri amalephera ngakhale kupeza malo ku yunivesite lili ndi zofunika zazikulu. Ndikuvomera kuti ndi ochepa, koma chimodzi mwa zifukwa zimene akuchepera ndi mantha omwewa. Mwana wa munthu wolemera amapita osaopa, chifukwa chaka chowonjezera sichigwedeza banja lake. Amene amakana mwayi ndi mwana wa mlimi, amene amawerengera miyezi yotsala kuti ayambe kuthandiza azing'ono ake. Ndiponso lamulo lomwelo lingathandize wophunzira amene akusamuka kuchoka ku Mzuzu kubwera ku Zomba chifukwa cha matenda kapena ukwati, amenenso amadalira chifundo cha amene wamupeza mu ofesi tsiku limenelo.

Palinso funso la digiri imene ilibe malo a chiyankhulo. Ngati mwana wanu akuphunzira zachuma kapena zamalamulo, ndipo ndondomeko ya digiri yake ilibe kosi yosankha yekha, Chipwitikizicho chilibe pokhala ngakhale aphunzitsi onse atamufunira zabwino. Apa lamulo likanati maphunziro oterewa azilembedwabe pa transcript ngati owonjezera, kuti wolemba ntchito adzawaone, ngakhale asalowe m'chiwerengero cha digiri.

Lamulo limeneli kulibe m'manja mwathu lero, Mayi, choncho mwana wanu adziteteze yekha, ndipo akumbukire kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Asananyamuke apemphe ku Maputo ndondomeko ya kosi iliyonse, yosonyeza mitu yophunzira, maola ndi kayesedwe kake, ndipo aipereke kwa mkulu wa dipatimenti ndi kalata yopempha kuti amuuze kosi ya kuno imene iliyonse ilowe m'malo mwake. Yankho likhale lolembedwa, losainidwa ndi Dean, yemwe ndi mkulu wa fakote, lokhala ndi chidindo, ndipo kope lake likalowe mu fayilo yake kwa Registrar, lina asunge inu kunyumba. M'kalata yomweyo mulembedwe momwe malikisi adzasandutsidwire, chifukwa ku Mozambique nakonso amachonga pa 20. Afunse ngati adzakhalebe wolembetsedwa kuno pa semesita imeneyo, popeza zimenezi zimakhudza fizi ndi ngongole yake, ndipo ayerekeze makalendala a mayunivesite awiriwa kuti asadzafike mayeso a kuno atadutsa. Pobwera, transcript itumizidwe ndi yunivesite ya kumeneko mwachindunji, ikhale ndi kumasulira kwa m'Chingerezi kovomerezeka, ndipo ngati ndalama zilola alembe mayeso a CAPLE.

Akadzakanidwa ngakhale wachita zonsezi, pali chida chimodzi chimene ine sindinkachidziwa pa nthawi yanga. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wakuti ofesi ya boma imuchitire zinthu motsata malamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kuti imupatse zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chake chikukhudza ufulu wake kapena chimene anali ndi chifukwa chomveka chochiyembekezera. Yunivesite ya boma ili pansi pa gawo limeneli, ndipo kalata yosainidwa ija ndiyo umboni wa chimene anayembekezera. Ayambe ndi njira zodandaulira za m'kati mwa yunivesite, ndipo zikakanika ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere popanda kulipiritsa. Ngati dipatimenti ikukana kulemba kalikonse iye asananyamuke, khalani naye pansi muwerengere limodzi mtengo wa chaka chowonjezera, kuti ngati asankha kupitabe, apite akudziwa chimene akulipira.